Etta Ali pa Kanema wa ku Mexico

Croydon, 9 Novembala

Okondedwa achimwene a Reinford,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse ku Mponela. Nanga shuga uja watsikako? Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chayamba kundiluma m'mawondo.

Musaseke, achimwene, mlongo wanune ndasanduka wokonda mpira. Ine ndemwe, amene ndinkakuzimitsirani wailesi mpira uli mkati. Ndipo si wa kuno ku Mangalande ayi, ndi wa atsikana a ku Mexico. Ndinachita kulembetsa pa foni kuti ndizionera. Iwo amasewera ife tili m'tulo, ndiye ndimaonera m'mawa mu tramu, kasitima ka m'tauni, popita kuntchito. Oulutsa ake amalankhula Chisipanishi, sinditolapo kanthu, koma sindiphonya ngakhale masewero amodzi.

Chifukwa chake ndi Etta, mwana wanga, mbumba yanu. Inu mumadziwa kuti akugwira ntchito pachipatala ku Lewisham, konkuno ku Mangalande. Anachokako mu Julaye. Timu ina ya ku Mexico inamulemba ntchito ya mafizo ija anaphunzira, yothandiza ovulala. Wosewera akagwa, amene amathamangira m'bwalo ndi chikwama ndi iyeyo. Mulungu andikhululukire, ine ndimachita kudikira kuti wina agwe.

Sabata yatha wapagolo wawo anawombana mutu ndi mnzake n'kukomoka. Kamera inakhala pa Etta atagwada, atagwira khosi la mtsikanayo, akuloza azibambo a machira ndi chala chimodzi ngati mmene ankachitira mayi athu. Azibambo akuluakulu n'kumamvera! Mtsikanayo atatsitsimuka, anthu onse anaimirira kuomba m'manja. Ine ndinaliza nthungululu mu tramu momwemo, azungu kudzidzimuka. Ndinaonetsa foni bambo amene ndinayandikana nawo, n'kuwauza kuti ameneyu ndinabereka ndine. Manyazi ndinalibe, ndipo siteshoni yanga ndinaipitirira.

Tsopano ndinene chimene ndalembera kalatayi.

Ntchitoyi itapezeka, Etta anati sangakwere ndege osapempha kwa malume ake, eni mbumba. Ndinakumbukira mmene munakanizira Christine wa achemwali kupita ku Joni, mpaka mwayi unamudutsa. Ndinadziwanso kuti mukangoti ayi, Etta amasula masutikesi osawiringula, poti ndinu munamulera bambo ake atatisiya. Ndiye ndinamuuza kuti ndalankhula nanu kale, mwavomera, mwati apite ndi mtendere. Ndinawonjezera kuti asakuimbireni kaye, adokotala akuti mupumule. Zonsezi ndinanama.

Mwanayo analira ndi chimwemwe. Anati ngati malume avomera, palibe chimene angaope kumeneko. Mpaka lero akamalowa m'bwalo amati akuyenda ndi madalitso anu.

Dzulo wandiuza kuti walephera kupirira, akuimbirani pa Khirisimasi kuti athokoze yekha. Wagulanso malaya a timu yawo, walembetsa dzina lanu kumsana.

Achimwene, ndinakulumphani, ndipo ndikudziwa kuti kwathu sitichita choncho. Mundikalipire mmene mungafunire, muitane abale onse, ndidzagwada pamaso pawo. Koma kunena kuti ndikanakonda Etta akanakhala kuno osapita, pamenepo ndinganamenso kachiwiri. Pemphani mwana wanu Newton akutsegulireni kanema amene ndamutumizira pa foni, mumuone kaye mwanayo ali pantchito yake musanandiweruze.

Chimene ndikupempha n'chimodzi. Etta akadziwa kuti mawu aja sanali anu, adzasiya zonse n'kubwerera, ndikumudziwa. Foni ikadzalira pa Khirisimasi, mawu amene ndinakuberani aja mudzamuuze ndi pakamwa panu.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa achemwali ndi kwa Christine. Ambuye akusungeni ndi kukupatsani mphamvu.

Ine mlongo wanu wolakwa,
Gladys