Azakhali Akutsimphina

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Kabwata tonse tili bwino kupatula azakhali, ndipo wolakwa ndine.

Maphunziro anga aja a kutikita thupi mwa Chithai akupitirira ku Woodlands. Munthu amagona pansi pamatiresi atavala, iwe n'kumamupinda miyendo ndi kumukoka pang'onopang'ono. Aphunzitsi amatikumbutsa kawirikawiri kuti tizifunsa ngati munthu akumva kuwawa, koma ine ndinkadziona ngati katswiri kale.

Loweruka azakhali anadandaula msana. Ndinawagoneka pabalaza, ndinapinda bondo lawo n'kulikankhira kuchifuwa ndi thupi langa lonse. Ndinaona akufinya matiresi ndi zala, koma sindinafunse kanthu. Nditamaliza anati, "Zikomo mwanawe, uli ndi manja abwino."

M'mawa mwake anapita kutchalitchi akutsimphina. Amayi anzawo atawafunsa, anayankha kuti, "Ndinaterereka kubafa." Ine ndinali kumbuyo kwawo, nditawanyamulira Baibulo. Achemwali, ndinasowa poyang'ana.

Kuchipatala akuti mnofu wa m'chiuno unakokeka, uchira. Nditagwada kupepesa, anangoti, "Nanga ukanaphunzirira pa ndani?" Bola akanandikalipira. Aphunzitsi sindinawauzebe, koma mawa ndiwauza ngakhale ndikuchita manyazi.

Chonde muwaimbire foni azakhali, akusowani. Akakuuzani za kubafa musawatsutse, akuteteza ine. Mundipempherere kuti manja angawa aphunzire kufatsa.

Mulungu akusungeni nonse kumeneko.

Ndine mng'ono wanu,
Misozi