Boti la Bambo Ako Likukokera Kumadzulo

Sointula, Epulo 1987

Wokondedwa mwana wanga Sirkka,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi amuna ako a Dwayne ndi ana. Kodi chifuwa cha Annika chija chinatha? Nanga kwanu ku Saskatoon chisanu chayamba kuchepa? Ife kuno tadzuka, kupatula bondo langa lija limene limadziwa za mvula kuposa a pawailesi.

Envulopuyi uyimva kulemera. Usatsegule kansalu kali m'katimo usanamalize kuwerenga.

Choyamba, undipepesere kwa amuna ako. Pa Khirisimasi paja ndinawalalatira pamaso pa ana, pamene iwo ankangonena maganizo awo. Ukukumbuka, ankati anthu a msinkhu wathu akafuna kuwoloka nyanja agule boti la fayiba, pulasitiki yolimba ija, chifukwa silichita dzimbiri, ndi lopepuka, ndipo limayenda ngakhale ndi kamphepo kochepa. Ankati chitsulo chimadyeka cham'kati mwakachetechete, ndipo tikafika kumayiko otentha tidzangokhalira kupala ndi kupaka penti mpaka imfa.

Bambo ako anawayankha zawo zija za masiku onse, zoti chitsulo chikagunda mwala chimangopindika, ndipo wowotcherera amapezeka padoko lililonse padziko. Ine ndiye ndinawonjeza moto. Ndinati fayiba ndi chikamba cha dzira, ndipo munthu wokulira m'minda ya tirigu asandiphunzitse za nyanja patebulo panga.

Ndinali ndi chifukwa, ndipo ukuchidziwa. Mlongo wako Kalevi ananyamuka yekha kupita ku Hawaii m'boti la fayiba, loyera ngati mbale. Iwe unali kukoleji ndipo zina sitinakuuze. Mawu ake omaliza pawailesi anali akuti wagunda chipika, chimodzi mwa zija zonyowa zimene zimaimirira pansi pa madzi osaoneka, ndipo madzi akulowa msanga. Ofufuza anatola chidutswa chimodzi chokha chachikulu ngati chitseko, kutali kumadzulo kupitirira Cape Scott.

Chaka chotsatira bambo ako anayamba kumanga boti lachitsulo m'shedi kuseri kwa nyumba. Ine ndinati bola, mwamuna akhale ndi chogwira m'manja kusiyana n'kukhala ndwii pawindo. Chimodzi chokha chinandipsetsa mtima. Asanayale chitsulo choyamba anagwetsa khoma lonse la shediyo n'kulimanganso mopingasa, mpaka linadya theka la dimba langa la zipatso za marasipiberi. Nditafunsa, anati pansi pamenepo ndi polimba. Ndinawatcha nkhutukumve, nkhani n'kuthera pomwepo.

Zaka zonsezi ndakhala ndikugona ndi kudzuka ndi phokoso la nyundo. Mwezi wathawu boti linalowa m'madzi. Mudzi wonse unabwera, ndipo a Wilf, anzawo a bambo ako aja a boti lophera nsomba za salimoni, anafuula kuti, "Arvo, limeneli ndi boti kapena thanki ya mafuta? Likamira tidzakusakani ndi maginito!" Anthu anaseka, nanenso ndinaseka, ndipo ndinanyadira. Tinagwirizana kuti mu Juni tinyamuke, titsike ndi gombe mpaka ku Mexico, kenako tione kumene mphepo idzatilole.

Botilo ndi lolimba, zimenezo sindikana. Koma m'kati mwake ndi mozizira ngati m'chitsime, ndipo m'mawa makoma amatuluka thukuta, madontho n'kumatsetsereka ngakhale kunja kuli dzuwa. Komanso chitsulo sichibisa phokoso. Kanthu kakang'ono kakakhudza kunsi, umamva ngati munthu wagogoda pafupi ndi khutu lako.

Muli mabedi atatu. Awiri ndi a msinkhu wathu, lachitatu ndi lalitali kwambiri. Bambo ako anati n'la alendo. Iwe ndiwe wamfupi ngati ine, a Dwayne nawonso si aatali, ndipo m'banja muno munali munthu mmodzi yekha amene mapazi ake ankatulukira kunja kwa bulangete. Sindinafunse. Ndinayeza bedilo n'kusoka nsalu ya matiresi ake.

Tsono boti lachitsulo limasokoneza kampasi, aliyense amadziwa, ndiye tinaitana a Pritchard a ku Port Hardy amene ntchito yawo ndi yowongola makampasi. Anabwera pa pantoni ya m'mawa ndi kabokosi kawo. Anatiuza kuti tizizunguliza botilo pang'onopang'ono kunja kwa doko, iwo akuyang'ana kampasi kenako mapiri, kampasi kenako mapiri. Poyamba ankaimba mluzu. Titazungulira kachiwiri mluzu unatha.

Anati, "Arvo, chitsulo sichiiwala. Mukamachimenya ndi kuchiwotcherera chimasunga mbali imene chayang'ana. Maboti ndaona ambiri ine, koma ili lili ndi makani ngati apongozi anga. Pomangidwa linayang'ana uko, eti?"

Analoza ndi dzanja kumadzulo, kudutsa pamwamba pa mapiri a chilumba chachikulu choyandikana ndi chathuchi.

Bambo ako anati, "Uko kumene."

"Paja inu munamangapo zombo nthawi ya nkhondo. Zimenezi mukuzidziwa bwino."

"Ndikuzidziwa."

A Pritchard anatembenukira kwa ine n'kundifotokozera ngati mwana. Anati kampasi ya m'boti limeneli, ikasiyidwa momwemo, woyendetsa aziganiza kuti akupita kumpoto pamene boti likukhotera kumadzulo, ndipo akati alowere kummwera lizikhoterabe kumadzulo komweko. Anatulutsa timaginito tinayi tonga zidutswa za pensulo, natimangirira pansi pa kampasi, n'kudontheza penti yofiira pamalo pa kalikonse. Tinazunguliranso ndipo kampasi inanena zoona. Anamwa khofi ataimirira, osakhudza n'komwe buledi wanga, n'kuthamangira pantoni.

Masana omwewo ndinalowa m'shedi muja. Muli pululu tsopano, mwangotsala njanji ziwiri zimene boti linakhalapo. Ndinaima pakati pake n'kuyang'ana kumene zaloza. Mwana wanga, ndi mbali yomweyo imene ine ndimayang'ana ndikamayanika zovala, imene ndakhala ndikuyang'ana chichokereni Kalevi. Bambo ako sanagwetse khoma lija chifukwa cha nthaka.

Patapita masiku ochepa ndinalowa m'khitchini kukatenga mkaka. Pachitseko cha firiji panali chithunzi chija Annika anatijambulira, chitapanikizidwa m'makona onse anayi ndi timaginito ta penti yofiira. Sanabise n'komwe. Anali pompo patebulo akudya phala.

Ndinati, "Arvo, izi n'chiyani?"

Anayankha osadzutsa mutu kuti, "Timanamiza boti timeneto."

Ukundidziwa, pakamwa panga sipachedwa. Anthu a pachilumba pano amawoloka msewu akandiona nditakwiya. Koma tsiku limenelo ndinatenga mkaka, ndinatseka firiji, n'kuwafunsa ngati akufuna khofi wina.

Lachiwiri lapitali tinatuluka kukayesa matanga atsopano. Tinati tingowoloka kumpoto, tikadye chamasana kutsidya, tibwerere. Titangotuluka nkhungu inatsika, ija yoti mlongoti suuona nsonga yake. Bambo ako anandisiyira chiwongolero, anati ndigwire kumpoto, iwo n'kutsikira m'kati.

Ndinagwira kumpoto monga kampasi inanenera. Tizipika ting'onoting'ono tinkagunda kunsi, gu, gu, ngati munthu waulemu amene wafika pakhomo pa eni ake. Nditasuzumira pakhomo ndinaona bambo ako atakhala pabedi lalitali lija, chikhato atachigunditsa kukhoma lonyowalo, maso ali chitsinzinire. Nkhope yawo inali yosalala ngati ya mnyamata. Sindinawaonepo choncho chichokereni maliro opanda mtembo aja.

Nthawi yoti tione gombe la kutsidya inakwana n'kupitirira. Ine ndine mwana wa msodzi, Sirkka, ndinaphunzira kuyenda m'boti ndisanaphunzire kuyenda pamtunda. Timafunde tating'ono ta pakati pa zilumba tinatha, ndipo pansi pa mapazi anga panayamba kubwera mafunde aatali, aulesi, aja amene amachokera kunyanja yaikulu yokha. Kadzuwa kofooka kanaonekera m'nkhungu pamalo pamene sikanayenera kukhala. Ndinadziwa kumene tikulowera monga ndidziwira njira ya kukhitchini kwanga.

Apa ndi pamene pandivuta kulemba. Sindinakhote. Panalibe chondigwira manja, chiwongolero chinali chofewa, ndikanangochikankha pang'ono. Koma mumtima mwanga munali phee, mtendere umene ndinaiwala kuti uliko. Ndinkangoti pang'ono pokha, tifike chapafupi, mwana wakhala yekha nthawi yaitali. Ndinapezeka ndikuganiza zoti kaya bulangete lija limukwana.

Chinatibweza ndi hutala. A Wilf anatulukira m'nkhungu akuchokera kokoka misampha yawo ya nkhanu, anatsala pang'ono kutigunda, n'kufuula kuti, "Irja, mwasochera kapena mwathawa ngongole? Uko kulibe sitolo, mayi, n'Japani basi!"

Ndinawayankha kuti asamale zawo, boti lawo lonunkhalo. Kenako ndinakhota n'kuwatsata pambuyo mpaka padoko. Bambo ako anatuluka, anayang'ana madzi, anayang'ana ine. Pomanga zingwe anandigwira paphewa, zimene sanachite zaka zambiri, ngati akundithokoza. Dzanja limenelo ndi limene landiopsa kuposa zonse.

Kuyambira tsiku limenelo akugula zakudya za m'zitini ndi kudzaza matanki a madzi, akuimba nyimbo za kwawo kwa agogo ako. Za Mexico akuzitchulabe anthu akafunsa. Koma mapu a gombe la kummwera amene tinaitanitsa ali chikulungire pamwamba pa kabati, ndipo fumbi layamba kugwerapo.

Ndakhala ndikuganiza za mawu a amuna ako. Ndinadana ndi fayiba chifukwa inasweka ndi mwana wanga ali m'kati, ndipo mpaka lero ndikaona boti loyera padoko ndimayang'ana kumbali. Koma fayiba sisunga kanthu. Ilibe kumene inayang'ana, kampasi yake imaloza kumpoto kwa aliyense, ndipo imapita kumene munthu wamoyo waiuza. Lathuli chipika sichingaliboole, mwala sungaliswe, lidzatifikitsa ndithu. Funso langa n'lakuti lidzatifikitsa kuti.

Usaganize kuti sindinayese. Kawiri konse ndachotsa timaginitoto pafiriji n'kutsika nato kudoko, bambo ako ali kusitolo. Malo ake ndi osasowa, penti yofiira ikuonekeratu. Ulendo woyamba ndinafika pa mlatho wa matabwa wa padoko n'kubwerera. Wachiwiri ndinalowa m'boti, ndinagwada pansi pa kampasi, kenako kunsi kunagogoda kamodzi. Ndikudziwa kuti chinali chipika kapena katumbu, sindine wamisala. Koma ndinadzuka, ndinakonza pilo wa pabedi lalitali, n'kubwera kunyumba timaginito tili m'thumba la epuloni.

Ndi timeneto tili m'kansaluko. Ndatumiza kwa iwe chifukwa m'nyumba muno mulibenso munthu amene angatibwezere pamalo pake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kuno mitu yonse iwiri yapendekera mbali imodzi.

Bwera Juni asanafike. Usatumize papositi, ubwere nato m'manja mwako. Ubwere ndi a Dwayne, adzanene zawo zija za fayiba mokweza patebulo panga, ndipo ulendo uno ndidzawathirira khofi. Ngati n'kotheka ubwerenso ndi ana. Ndikufuna bambo ako aone mapazi ang'onoang'ono akuthamanga m'nyumba muno, nanenso ndiwaone. Akavomera kugulitsa botilo tidzagula la fayiba lakale, loti tizizungulira nalo zilumba zathu zomwezi. Akakana, iwe udzagwade pansi pa kampasi ija, ife tikuona.

Ndikudziwa kuti unathawira kumene kulibe nyanja kuti usamve fungo lake, ndipo sindinakudzudzulepo. Ndinataya mwana mmodzi ndipo ndakhala zaka zonsezi nditayang'ana kumene anapita, nkhongo nditalozetsa kwa amene anatsala. Tsopano ndikukuitana, ndipo ndikuchita mantha.

Usaimbe telefoni za nkhaniyi, amayankha ndi bambo ako. Undipatsire moni a Dwayne ndi makolo awo, umupsompsone Annika ndi kamlongo kake, uwauze kuti agogo asunga jamu wa marasipiberi a theka la dimba lija. Mulungu akusungeni nonse, akuyendetseni bwino pamsewu wautaliwo.

Chomaliza ndi ichi. Ndidzakuchingamira pa pantoni nditavala bwino, ndikuseka, ndipo mwina ndidzakuuza kuti ndinangolemba zaukalamba, zonse zili bwino, timaginitoto undipatse ndisunge ndine. Usadzandipatse.

Ndine mayi ako okukonda,
Irja