Njinga Yopingasa Chitsulo Pakati

Okondedwa atate ake a Feliya,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino ku Halaleko. Ife kuno ku Mitundu sitili bwino, Feliya chifuwa chamupana.

Njinga munatumiza ija ndi yokongola, koma amene anaipanga alibe mkazi. Chitsulo chopingasa pakaticho, munthu wovala chirundu angachidumphe bwanji? Lachiwiri ndinalimba mtima, ndinabereka mwana kuti ndipalase mpaka kuchipatala ku Nkhoma. Ndisanafike n'komwe ku Nathenje, nsalu inakodwa mutcheni, tonse awiri tinagwera mufumbi. Tinabwerera wapansi, mwana akulira kumbuyo, ine ndikukankha chinjingacho.

Chonde, ndagwira mwendo wanu, bwerani mudzapalase nokha. Njinga yanu ikunyezimira pakhonde, mwana wanu akutha.

Mulungu akuyendetseni bwino.

Ine mkazi wanu,
Nabanda