Ng'oma ya kwathu ndaipeza ku Kawasaki

Kawasaki, 4 Ogasiti 1974

Okondedwa achimwene Genzo,

Landirani moni. Muli bwanji ndi kutentha kwa chaka chino? Nanga mawondo a amayi akupezako bwanji? Ife kuno tili bwino, kungoti mlamu wanu Sumie anagona masiku atatu ndi mutu, koma wadzuka.

Dzulo Loweruka nditaweruka kufakitale, ndinapita naye ku chikondwerero cha pakachisi wa dera lino. Dzuwa linali lisanalowe. Nyali za mapepala zinali mbwee, ana akuwedza tinsomba tofiira m'mabeseni. Ndinali nditangogula chimanga chootcha pamene ng'oma inayamba kulira pansanja. Chimangacho sindinachidye, achimwene. Liwu limenelo ndakula nalo.

Atapumula ovina ndinakwera pansanjapo. Chipsera cha moto wa 1948 chilipo pa ng'omayo. Misomali ndinaiwerenga, 62 mbali iliyonse, itatu yamkuwa imene bambo anakhomera okha. Ndi ng'oma ya kachisi wa m'mudzi mwathu, imene banja lathu lasunga kuyambira nthawi ya agogo.

Woimbayo ndi mkulu wina wogulitsa nsomba, a Okubo. Anandiseka amvekere, “Achimwene inu, mukuisisita chonchi, mukufuna kuikwatira?” Nditafunsa kumene anaitenga, anati, “Kwa wogulitsa zakale. Akuti mlimi wina wa ku Akita anaona kuti wailesi ya kanema ikulira bwino kuposa iyi.” Anthu onse anaseka. Ine ndinangoyang'ana pansi. Sumie anandikoka mkono, koma sindinachoke.

Kalata yanu ya pa 12 Juni ili pano patebulo. Munalemba kuti ng'oma ili kwa mmisiri, akusintha chikopa. Chikopa ndi chomwe chija, cha ng'ombe yathu. Munandinamiza, ndipo ndikuganiza kuti mudzi wonse mwaunamizanso. Sindine munthu wokweza mawu, mukudziwa.

Bambo anamwalira pa 19 Novembala chaka chatha. Pa 13 mwezi uno mizimu ibwera kudzacheza kumakomo, ndipo kwa iwo ndi ulendo woyamba. Pa 14 pali gule. Anaimba ng'oma imeneyi zaka 41, ndiye abwere adzapeze anthu akuvinira kaseti?

Nditawafotokozera a Okubo, kuseka kunatha. Anavula kansalu ka kumutu n'kundiitanira kumbali. Ati ng'oma ndi ya dera lonse, sangaibweze, koma angatibwereke masiku asanu osalipira kanthu. Chimene akufuna ndi chimodzi, kuti amene anaigulitsa abwere yekha adzaweramitse mutu pamaso pa akuluakulu a dera. Ndinapempha kuti ndiwerame ine m'malo mwanu. Anati mutu wanga ulibe mlandu.

Pempho langa ndi limeneli. Mufike kuno Loweruka pa 10. Ndidzakuchingamirani pasiteshoni ya sitima ya Ueno. Mnzanga wa lole akupita kwathu ku Akita pa 11, wavomera kutinyamula ndi ng'omayo. Sindidzakunyozani pagulu, ndipo ndidzagwada pambali panu.

Mupereke moni kwa alamu, kwa ana onse, ndi kwa azakhali. Amayi muwauze kuti ndikubwera. Paja maso awo anafooka, makalata anga mumawawerengera ndinu. Iyi muone nokha mmene muiwerengere.

Ndine mng'ono wanu,
Sakuji