Matumbo anga a mbuzi

Lachitatu madzulo, ku Ndirande.

Lero ndaperekedwa, ndipo wondipereka ndi wa bere limodzi.

Mawa aphunzitsi athu a opaleshoni akufuna kuona mmene aliyense wasokera matumbo a mbuzi, kuti asankhe woyamba kugwira singano pa munthu weniweni. Anga ndinasoka dzulo masana onse mpaka khosi kuuma. Nditathiramo madzi, sanadonthe ngakhale pang'ono. Ndinawasunga m'furiji, m'kontena ya dzina langa.

Pochokera kuchipatala ndapeza achemwali anga, a Esinati, akutokosa m'mano. Akuti magetsi anathima m'mawa, ndiye matumbo anga aja anachita kuwapulumutsa. Awapulumutsira mumphika, ndi tomato ndi anyezi.

"Adokotala, musakwiye," akutero, "koma kusoka mumatha. Ndatuluka thukuta kuti ndimasule ulusi wanu uja. Ine ndakupatsani malikisi onse, mwakhoza."

Ndiye ntchito yanga yabwino koposa yayesedwa ndi munthu amene waidya. Alamu anga, amuna awo, akuti anapempha owonjezera.

Kumsika mbuzi amapha dzuwa litakwera, pamene aphunzitsi amalowa m'mamawa. Sindikudziwa ndikanena chiyani. Chondipweteka kwambiri n'chakuti andisungirako m'mbale, ndipo fungo lake, kunena zoona...