Amuna anga akundiphera maluwa ndi changu chawo

Aphungu,

Ndatopa, ndipo ndikapanda kuuza munthu mutu wangawu uphulika. Ine ntchito yanga ndi yokonza maluwa. Ndili ndi kashedi kuseri kwa nyumba, muli tebulo, mabeseni ndi ndowa, ndipo m'menemo ndimakonzeramo maluwa a maukwati ndi oika pamatebulo. Kasitomala amene ndimamudalira ndi hotela ina yomwe imatenga maluwa sabata iliyonse, oika polandirira alendo ndi m'chipinda chodyera.

Kuti mumve vuto langa, muyambe mwaidziwa siponji ya maluwa. Ndi chinthu chobiriwira, chopepuka, chooneka ngati njerwa, chomwe timabayapo mapesi kuti maluwa aime bwino m'mbale ndiponso azimwa madzi. Kanyowetsedwe kake n'kosavuta. Umadzaza beseni, n'kuiika pamwamba pa madzi, n'kuisiya. Imamwa yokha, n'kumamira pang'onopang'ono mpaka itada. Koma ukaikanikiza ndi dzanja, kunja kumanyowa, m'kati n'kutsekeredwa mpweya, mumatsala mouma gwa. Duwa lomwe phesi lake lafika poumapo silichedwa kufota.

Amuna anga anali dalaivala wa basi. Atapuma pantchito, anangokhala pampando wa pakhonde, wailesi pambali, ndevu osameta, ukawafunsa kanthu kuyankha ndi mphuno. Chakudya ankangochitosatosa. Kunena zoona ndinkachita mantha, chifukwa munthu ankatha ndikumuona. Ndiye tsiku lina anatulukira kushedi n'kunena kuti, "Mayi, ndipatseniko chogwira, manja angandiwolere." Ndinasangalala kwabasi. Ndinawapatsa ntchito imene ndinkaiona kuti singavute munthu, yonyowetsa masiponji.

Aphungu, ndinaziputa dala. Bambowa kudikira sakudziwa. Amaiponya siponji m'beseni n'kuitsamira ndi manja onse awiri ngati akuchapa bulangete. Akaona kuti ikufuna kuyandamanso, amaitsendereza ndi mwala. Tsiku lina ndinawapeza akuithira madzi ndi paipi, kwinaku akuimba kamluzu. Ndinawauza mwaulemu wonse kuti, "Bambo, musaikakamize, imira yokha." Iwo anandiyankha kuti, "Mayi, ine ndayendetsa basi zaka zonsezi osachedwapo. Lero ndiimirire ngati chitsiru kuonerera siponji ikumwa madzi? Taonani, si iyi yanyowa!" Anaikweza m'mwamba ikuchucha, nkhope ili ngwee. Ndikanati chiyani? Ndinabwereza mawa lake, ndinabwerezanso mkuja, koma zinkangolowa khutu ili n'kutulukira linali.

Posakhalitsa mayi woyang'anira hotela uja anandiitana. Anandilozera maluwa a polandirira alendo, onse atazyolika, n'kunena kuti, "Kale maluwa anu ankatha sabata. Pano sabata isanafike pakati aweramitsa kale mitu. Zikachitikanso, musadzandidandaule ndikapeza wina." Ndinabwerera kunyumba ndikudziwa kuti zavuta, chifukwa hotelayo ndiyo imatidyetsa.

Apa ndipo ndinaganiza zochenjera. Bambo akamaliza kunyowetsa n'kupita kukasamba, ndinkatenga masiponji awo n'kuwaponya m'thumba kuseri kwa shedi, ine n'kunyowetsa ena mwamsanga. Maluwa anayambanso kukhalitsa. Bambo nawo anameta ndevu, kudya anayambanso kupempha kuwonjezera, ndipo ndinawamva akuuza anzawo pamsewu kuti, "Masiku ano ndilibe nthawi, ine ndi mayi tili ndi kampani." Ndinkati zonse zayenda.

Sabata yatha bambo ankafunafuna khasu, n'kulipeza thumba lija. Analibweretsa, n'kulikhuthula patebulo panga. Anatola siponji imodzi, n'kuitembenuzatembenuza, kenako anati, "Apa sipanabayidwepo duwa ngakhale limodzi. Ndiye kuti nthawi yonseyi ndimangoseweretsa madzi ngati mwana?" Ine m'malo mougwira mtima ndinapsa, n'kunena kuti, "Nanga ndikanatani? Munthu wake wosamva!" Anapukuta manja n'kutuluka.

Pano abwerera pampando paja. Wailesi ili pambali, ndevu zayambanso. Maluwa ali bwino, kuhotela akundiyamikira, koma ine ndikamanyowetsa masiponji ndekha misozi imalengeza. Chomwe chikundinyansa n'chakuti sindinalakwe, siponji siikanikizidwa! Ndiwaitanenso kuti andithamangitsire kasitomala, kapena ndiwasiye pakhondepo? Ndithandizeni, nzeru zandithera.

Mayi T. K., wokonza maluwa

Mayi T. K.,

Nonse awiri mwanditopetsa, koma popeza mwalemba ndinu, ndiyamba ndi inu. Pa nkhani ya siponji mukulondola, ndipo palibe angakutsutseni. Pa nkhani ya amuna anu mwalakwa, ndipo mwalakwa kwambiri.

Taganizani. Inu munkawauza ndi pakamwa kuti siponji ndi youma, iwo ataigwira m'manja ikuchucha madzi. Ndani angakhulupirire mawu n'kusiya zimene maso ake akuona? Ngakhale ine ndikanakutsutsani. Chonsecho mpeni unali patebulo pomwepo. Mukanaidula siponjiyo pakati tsiku loyamba lija, bambo n'kuona okha mouma m'katimo, bwenzi kalatayi musanalembe. M'malo mwake munasankha thumba. Munawalola kudzuka m'mawa, kunyowetsa malaya, kukadzitama kwa anzawo, mukudziwa kuti ntchito yawo ikuthera kuseri kwa shedi. Chawapweteka si kudzudzulidwa ayi. Chawapweteka n'kuzindikira kuti mkazi wawo ankawasungira kamasewero kuti asamasowe chochita.

Ndiye yambani ndi kupepesa. Pitani pakhondepo, khalani pansi, muwauze kuti munalakwa kuwabisira. Pepesani za thumba zokha, za siponji musazitchule n'komwe. Ndipo musaikepo "koma". Ndikukudziwani anthu olondola inu, mumapepesa kamodzi n'kutsatiza mlandu wonse.

Mtima ukawatsika, apempheni kuti akuthandizeni kuyesa chinthu. Tengani masiponji awiri atsopano. Ina anyowetse iwo mwa njira yawo, ngakhale ndi mwala womwe. Inayo muiike pamadzi oyera, akuya kuposa siponjiyo, muisiye imire yokha. Kenako mpeni muwapatse iwo, adule onse awiri. Akamayang'ana m'katimo, inu pezani chochita panja. Mawu akuti "ndinakuuzani" muwameze, ngakhale akutsamweni. Munthu wamkulu amafuna malo oti asinthire maganizo popanda womuyang'anitsitsa.

Zoti sadziwa kudikira, ine ndikukana. Dalaivala wabwino sanyamuka anthu asanakwere, ndipo bambowa zimenezi akuzidziwa kuposa inu ndi ine. Chimene sachifuna n'kuima manja ali lende. Ndiye aikireni ndowa ya maluwa pafupi ndi beseni, kuti siponji ikamamira iwo azisadza masamba a m'munsi ndi kudula mapesi mopendeka. Akatembenuka apeza yada kale.

Komanso, mayi, mwandidabwitsa. Muli ndi dalaivala m'nyumba, inu n'kumupatsa beseni? Maluwa amapita bwanji kuhotela? Ntchito yokapereka ikhale yawo, ndipo pakati pa sabata azipitanso kukathira madzi m'mbalezo, chifukwa siponji ikauma ndiye kuti maluwa atha. Kumeneko akaona ndi maso awo maluwa amene anawanyowetsera siponji ataima njo, alendo akuwajambula. Palibe chimene inu munganene choposa chimenecho.

Masiponji a m'thumba aja musawabwezere ku maluwa amoyo pofuna kuwasangalatsa bambo. Siponji yomwe inanyowapo n'kuumanso simwa bwino. Asungireni maluwa apulasitiki kapena ouma. Ndipo podula siponji muzidula itanyowa, chifukwa fumbi lake si labwino kulipuma, zinyenyeswa zakenso musamazithire m'ngalande.

Chenjezo langa ndi ili. Akabwerera kushedi, musadzayesenso kukonza ntchito yawo mobisa. Mukakayikira siponji, itanani mwini wake, mudule limodzi, mukangane pomwepo ngati n'koyenera. Mkangano wa pamaso umatha, koma thumba lachiwiri sadzakukhululukirani. Ndipo musadikire kuti mkwiyo wawo uphwe wokha, chifukwa umenewo si mkwiyo, ndi munthu amene wayambanso kudziona kuti alibe ntchito padziko. Siponji mukaisiya imamira yokha, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Bambo a pakhondewo mukawasiya nawonso amira okha. Amenewo musawaonerere, nyamukani lero.

Aphungu