Mizere itatu imene munaphunzitsa Zefa

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Beirako. Kuno ku Ulongwe tilipo, amayi chifuwa chija chawasiya.

Lachiwiri pulogalama yanga inakana kuyenda pa komputadolo ya kusukulu. Mafisheru awiri, mafayilo a m'pulogalamamo, ankaitana fisheru imodzi ya .h, ndiye zolembedwamo zinalowa kawiri. Ndili thukuta kamukamu, msuweni wathu Zefa anangolemba #ifndef ndi #define pamwamba pa fisheruyo, #endif pansi, kuti isalowenso kachiwiri. Pompo inayenda! Apulofesolo atamuyamikira, iye amvekere, "Anandiphunzitsa ndi achimwene ake a Lusiya, pa telefoni."

Kalasi yonse inacheukira ine.

Mulungu akusungeni, koma Loweruka muimbire ine. Mbatata munapempha ija ndatumiza. Ndinakumba ndekha, Zefa wanuyo sanagwireko khasu.

Ndine mlongo wanu wa bere limodzi,
Lusiya